Tsiku Limene Elifala Anagwira Apongozi Ake

Munthu akamva za boti la injini amaganiza za ku Salima kapena ku Mangochi. Palibe amene angaganize za mapiri a Dowa, kumene mwana amakula mpaka kumera ndevu asanaone madzi oposa a pachitsime ndi a m'dambo. Komatu boti liliko. Lili pa damu la esiteti ya fodya ya Kakhungwa, ulendo wapansi wa maola awiri kuchokera ku Bowe, ndipo woliyendetsa ndi Elifala Chimphepo, bambo wa ana atatu, munthu wosadziwa kusambira ngakhale pang'ono. Manyuzipepala amene achuluka masiku ano amangolemba za andale. Za munthu ngati ameneyu alembe ndani?

Elifala anabadwira kuseri kwa phiri la Ntchisi m'chaka cha 1961. Sukulu anailekera Sitandade 4, chaka chimene bambo ake anapita ku migodi ya ku Joni osabwerako. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu anatsika yekha kudzalembedwa ntchito yothirira nazale pa Kakhungwa. Anayamba ndi makheni awiri, m'mawa ndi madzulo, mpaka mapewa anakhakhala ngati khungwa. Kenako anasoka fodya, anapachika mikangala m'zigafa, anadinda mabelo pa jeke. Pomaliza anakwera thirakitala, poyamba ngati womangirira ngolo, pambuyo pake pa chiwongolero penipeni.

Anzake anamupatsa dzina loti Tiyesekaye. Akafika ndi thirakitala pa mlatho wamitengo ankatsika, n'kuponda mtengo uliwonse ndi chidendene, uku anthu a m'ngolo akukuwa kuti dzuwa likuwawotcha. Makwerero atsopano sankawakwera asanawagwedeze. Ngakhale thobwa la pamaliro ankayamba walinunkhiza.

Mu 1986 anakwatira Debora, wa m'mudzi wa kutsidya kwa damu. Anakhala zaka zitatu pa chikamwini, kulima munda wa apongozi ake, aNambewe, asanaloledwe kumutenga mkaziyo kupita naye ku makomboni a esiteti. Ndipo apa ndi pamene pali nkhani. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, Elifala ndi aNambewe sanayang'anizanepo maso ndi maso. Akakumana pa njira, Elifala ankapatukira m'tchire, kaya muli chitedze, n'kunjuta atafulatira mpaka apongoziwo atadutsa. Mawu ankadzera kwa Debora kapena kwa Monika, mwana wawo woyamba. Onse awiri akasowa, Elifala ankalonjera khoma: "Kaya m'nyumba muno mwadzukidwa bwanji?" Mkatimo munkachokera mawu olunjika kwa nkhuku za pabwalo: "Mwadzukidwa, kaya ku makomboniko?"

Akamwini ambiri a masiku ano anazisiya zimenezi. Amapisa mbale imodzi ndi apongozi n'kumati ndi demokalase. N'chifukwa chake aNambewe, mayi wamtali, wathupi, wotsogolera nyimbo za chimtali m'midzi yonse yozungulira damu, sankatopa kudzitama pachitsime. "Inu muli ndi akamwini, ine ndili ndi mkamwini. Mundifunse kuti mphuno yake ndi yotani, sindikuuzani." Elifala ankazimva kudzera kwa Debora, ndipo mumtima ankakondwera nazo kuposa kutamidwa kwina kulikonse.

Mwini esiteti, a Kamtsitsi, amakhala ku Lilongwe ndipo amabwera Loweruka ndi anzawo. Kumayambiriro kwa 1995 anagula boti kwa mzungu wina wa ku Salima amene ankabwerera kwawo. Anatuma lole kukalitenga, n'kumuuza Elifala kuti apite nawo. "Wodziwa thirakitala sangalephere boti," anatero a Kamtsitsi. "Kusiyana kwake, ilo lilibe matayala."

Linali boti loyera la mzere wofiira. Kumbuyo kunali injini, ndipo patsogolo pa injiniyo panali benchi limodzi lokwana anthu atatu othithikana, chiwongolero chili pomwepo. Pakati panali malo otsika okhala ngati mtondo, oikamo katundu. Koma chimene chinkakopa maso chinali kutsogolo, pa mphuno penipeni: mpando wachikopa wobiriwira, woima pa chitsulo chimodzi chachitali, wozungulira ngati wa mu ofesi ya bwanamkubwa. Unalibe potsamiritsa mikono, ndipo kotsamira msana kankalekeza m'chiuno. M'mbali mwake munalibe chotchinga chilichonse.

Amene anamuphunzitsa kuyendetsa, masana amodzi okha, anali makaniko wa mzungu uja, dzina lake Ramadani. Atatha zonse, Ramadani anamenya mpando uja ndi chikhatho.

"Achimwene, uwu ndi wa mbedza. Boti likaima, munthu akhale apa, azizungulira uku ndi uku ndi ndodo yake. Injini ikangolira, atsike. Kaya ndi bwana wanu, kaya ndi shehe, atsike."

"Nanga akakana?"

Ramadani anamukokera kumbuyo, n'kupendeketsa injini kuti aone mipeni itatu yopindika imene imazungulira pansi pa madzi. "Wogwera m'mbali amanyowa basi. Wogwera kutsogolo, boti limamudutsa pamwamba, ndipo omulonjera ndi awa."

Tiyesekaye sakanangokhulupirira za pakamwa. Sabata yoyamba boti lili pa damu, anatenga thumba la madeya lolemera ngati munthu wamkulu, n'kulikhazika pa mpandowo. Anathamangitsa boti pang'ono chabe, n'kukhota. Mpando unazungulira wokha, thumba linapendekeka, n'kugwera kutsogolo. Anamva kugunda pansi pa mapazi ake, kenako injini inabuula. Atacheuka, madzi onse kumbuyo anali mbuu ndi madeya, ndipo thumba linkayandama lili nsanzansanza. Tinsomba tinabwera kudzadya. Elifala anakhala pakati pa damu nthawi yaitali.

Loweruka lake anavula chipewa pamaso pa a Kamtsitsi.

"Bwana, ndimati mpando wakutsogolo uja tiuchotse."

"Mpando umene unandichititsa kugula botilo?"

Elifala anafotokoza za Ramadani ndi za thumba. A Kamtsitsi anaseka mpaka kutsokomola, n'kutembenukira kwa anzawo. "Mwaziona za matipatezi? Masiku ano ngakhale woyendetsa thirakitala ali ndi manifesito!" Kenako anamusisita paphewa. "Thumba lilibe manja, Elifala. Munthu ali ndi manja. Amagwira."

Kuyambira pamenepo Elifala anayamba kuchenjera mwakachetechete. Alendo akamabwera, ankamangirira kireti ya zakumwa pa mpandowo, kapena chidebe cha nyongolotsi, ndipo palibe ankafuna kudzivutitsa kumasula. Miyezi isanu ndi umodzi inadutsa choncho, popanda wokhalapo boti likuyenda.

Mu Seputembala, fodya atatha kugulitsidwa, a Kamtsitsi anapha ng'ombe ziwiri n'kuitana matenanti onse ndi midzi yoyandikana. Mphekesera zinali zoti akufuna kudzaimira dera lino pa chisankho chikubwerachi. M'mawa wa tsikulo analamula kuti boti litsukidwe, ndipo musakhale kireti, chidebe kapena chingwe. Mpando wobiriwira unapakidwa polishi mpaka kunyezimira.

Dzuwa litapendeka pang'ono, amayi a chimtali analowa m'bwalo pansi pa mabulugamu a m'mbali mwa damu. ANambewe anali patsogolo, atavala nsalu yatsopano ndi mpango wachikasu womangidwa mokweza. Anali atapeka nyimbo ya tsikulo, yonena kuti nyanja inakana kukwera phiri koma a Kamtsitsi anaikoka ndi chingwe. Anthu anakuwa. A Kamtsitsi anavina okha kulowa m'bwalo, n'kulanda chimkuzamawu.

"Anthu anga! Boti ili si la Kamtsitsi, ndi lanu! Lero aliyense alawa. Koma woyamba kukwera, pamodzi ndi ine, ndi mayi wathu wa nyimbo, aNambewe!"

Elifala anali m'madzi ofika m'mawondo, atagwira boti. Anayang'ana benchi: iye, bwana, ndi kadanga kotsala kamene munthu wathupi angakhalepo pokhapokha ntchafu zitagundana ndi za woyendetsa. Anayang'ana mpando wobiriwira. Sanafunikire kuuzidwa kumene apongozi ake akakhale.

Anakodola Debora, amene anali pa moto wa nyama.

"Mayi a Monika, thamangani mukawauze amayi akhale pa benchi."

"Pambali pa inu? Mwamwa kodi?"

"Bwana akhala pakati."

"Ndiye mpweya wanu ndi wawo usakanikirane? Inu simukuwadziwa amayi?"

"Ndiye akhale pansi, pakatipo. Muwauze kuti mpando uwo ndi woipa, umagwetsa. Muwapatsenso ichi avale." Anamupatsira jekete loyandamitsa, limodzi mwa awiri amene anabwera ndi botilo.

Debora anapita. Elifala anamuona akugwada, akunong'ona, aNambewe akupukusa mutu uku akuseka ndi anzawo. Anabwerera jekete lili m'manja.

"Akuti munthu woitanidwa ndi bwana pa chimkuzamawu sakhala pansi ngati thumba la chimanga. Akuti chovala ichi chikununkha nkhungu, chiwadetsera nsalu. Akuti mpando wakutali ndi inu ndi womwewo, ndipo akuthokoza kuti munawaganizira."

"Za kugwetsa mwanena?"

"Ndanena. Akuti anakwerapo lole ya fodya pamwamba pa mabelo mpaka ku Kanengo, osagwa."

"Ndiye kwerani nanunso, mukhale pafupi nawo."

Koma a Kamtsitsi anali atafika kale, nsapato zili m'manja. "Ayi, ayi, ulendo uno ndi wa awiri. Amayi, pitani mukaone nyama isapserere."

Elifala anaganiza zotseka mafuta mobisa n'kunena kuti injini yafa. Koma a Kamtsitsi ankaidziwa pang'ono injiniyo. Akanatulukira, akanamutsitsa n'kuyendetsa okha, ndipo iwo sankadziwa liwiro lina koma lomaliza. Kuli bwino chiwongolero chikhale m'manja mwake.

"Bwana," anayesanso motsitsa mawu, "ndi mpando uja."

"Usandichititse manyazi pa anthu, iwe. Liza injini."

Amayi awiri anawathandiza aNambewe kukwera chakutsogolo, Elifala atayang'ana kumbali. Atabweza maso anangoona msana wawo, ali pamwamba ngati mkwatibwi, zala za kumapazi zokha zikukhudza pansi. Manja onse awiri anali atagwira m'mphepete mwa mpando, pansi pa ntchafu.

"ANambewe, mukatiperekere moni ku Salima!" anakuwa aNaphiri, mnzawo wa chimtali amene amalimbirana naye kuyambitsa nyimbo.

"Mukhale mukuchita nsanje pomwepo!" anayankha aNambewe osacheuka.

Elifala analiza injini n'kuyamba kuyenda ngati akulima mzere woyamba. Damu la Kakhungwa ndi lalitali ngati lilime, lopanikizika pakati pa mapiri awiri. Kumapeto kwake kuli khoma, ndipo kumeneko ndiye kozama, koti mtengo wa bulugamu ungaimirire osaoneka nsonga. Kudzanja lamanzere kuli zitsa za mitengo imene inamira damu likumangidwa. Iye ankafuna kungofika pakati, kuzungulira pang'onopang'ono, n'kubwerera.

"Kodi ukuyendetsa ngolo ya ng'ombe?" anafunsa a Kamtsitsi. "Anthu akuyang'ana!"

"Madzi ali ndi kamphepo, bwana."

"Kamphepo kali m'mutu mwakomo."

Kachitsulo kowonjezera moto kanali pakati pa awiriwo. A Kamtsitsi anaikapo dzanja lawo n'kukankha mpaka kumapeto. Injini inalira ngati chigayo. Mphuno ya boti inadzuka, ndipo aNambewe anakwera nayo mpaka mutu wawo unaphimba phiri la kutsogolo. Anakuwa kamodzi mwamantha, kenako kukuwako kunasanduka nthungululu. Kumtunda anthu anayankha ndi ng'oma.

Elifala sankaona china koma manja awiri aja pansi pa mpando. Ankawalankhulira mumtima: gwirani, gwirani choncho. Madzi ankamumenya kumaso. Khoma la damu linayamba kukula.

"Bwana, chepetsani moto tikhote!"

"Khota chomwecho! Mzungu uja ankakhota chomwecho!"

Panalibe nthawi yotsutsana. Anayamba kukhota motakasa mmene akanathera, zitsa zikudutsa pafupi moti ankaona mbalame itatera pa chimodzi. Boti linapendekeka. Ndipo mpando wobiriwira unayamba kutembenuka, pang'onopang'ono, ngati chitseko chokankhidwa ndi mphepo. Phewa la aNambewe linaonekera, kenako khutu, kenako tsaya.

Anayang'anizana.

Zaka zisanu ndi zinayi, ndipo nkhope imene Elifala anaiona inali ya Monika mwana wake, maso omwewo, kampata ka mano komweko, kungoti yokalamba ndi yonyowa. Nthungululu inadukira pakamwa. ANambewe anachita chimene mayi aliyense woleredwa bwino wa kwathu kuno akanachita osaganiza n'komwe. Anachotsa manja onse awiri pa mpando, n'kukokera mpango kumaso.

Mpando sunaime. Unapitirira mpaka aNambewe anakhala chammbali, miyendo ikulendewera cha kumadzi, thupi lonse likudalira kulemera kwake kokha. Boti linali litamaliza kukhota, ndipo kutsogolo kwake kunkabwera mizere itatu ya mafunde amene ilo lomwe linasiya popita.

"Bwana, auzeni agwire mpando!"

A Kamtsitsi ankakupiza chipewa kwa anthu a kumtunda. Sanamve.

"Kutsogoloko kugwiridwe!" anakuwa Elifala, kulankhula ndi mphepo monga ankalankhulira ndi khoma. ANambewe anangoweramitsa mutu kwambiri.

Akanazimitsa injini kamodzin'kamodzi, mphuno ikanagwa pansi mwadzidzidzi, ndipo munthu wosagwira kanthu akanapitirira yekha kutsogolo. Akanaisiya, funde loyamba likanamaliza nkhani. Elifala anakuwa molunjika kwa apongozi ake.

"Amayi! Amayi, siyani mpangowo, gwirani mpando!"

Mawuwo anawafika. Anawaona akudzidzimuka ngati alumidwa ndi mavu. Koma m'malo mogwira, anakanikiza mpangowo kumaso ndi zikhatho zonse, pakuti tsopano manyazi anali awiri: kuonedwa ndi kuitanidwa.

Elifala anagwira mkono wa a Kamtsitsi, n'kuuzula pa kachitsulo kaja. Anabweza moto mpaka pakati, n'kuumenyetsa mkonowo pa chiwongolero.

"Gwirani apa! Osakhota!"

"Iwe! Ukudziwa amene..."

Sanamve zotsalazo. Anadumpha benchi, kugwera m'malo otsika aja ndi mawondo, n'kudziponya kutsogolo. Funde loyamba linamenya, phwa! Anaona kuwala pakati pa aNambewe ndi chikopa cha mpando. Apongozi anali atanyamuka pa mpandopo. Mikono yake yonse iwiri inawazinga m'chiuno, pamene pali mfundo ya nsalu, ndipo anadzigwetsa chagada ndi mphamvu zonse zimene anazipeza ponyamula mabelo. Anagwera limodzi m'kati mwa boti. Mutu wake unamenya m'mphepete mwa benchi, maso n'kuchita mdima. Funde lachiwiri linawadumphitsa, lachitatu linawagwedeza chabe. Pamwamba pawo mpando unkazungulira wopanda munthu.

Kenako injini inatsokomola, inabuula, n'kuzima.

Kunali zii. Kutali ng'oma zinkalirabe, ndipo anthu ankaomba m'manja poganiza kuti aona masewera. Elifala anazindikira kuti manja ake akadali m'chiuno mwa apongozi ake. Anawachotsa ngati wagwira mbaula, n'kukwawa chambuyo mpaka kumbuyo kwa boti, maso ali pansi. Koma anali ataona kale kuti mutu wa aNambewe uli pamtunda, imvi zomangidwa ndi ulusi wakuda zili poyera. Mpango panalibe.

"Wandigwira mkono," anatero a Kamtsitsi. Anali atakakamirabe chiwongolero cha boti loima. "Iwe, wandigwira mkono ine, pamaso pa anthu anga."

Elifala anapendeketsa injini kuti aone chimene chaizimitsa. Mipeni itatu ija inali itakulungidwa ndi nsalu yachikasu, yothina ngati bandeji. Anatulutsa kampeni m'thumba n'kuyamba kudula. Ankachotsa kachidutswa, n'kukaika pansi m'botimo, kachidutswa kena, n'kukaika pomwepo, popeza sankadziwa ngati n'koyenera kutaya m'madzi chovala cha apongozi. Panalibe chidutswa choposa chikhatho. A Kamtsitsi anayang'ana kamuluko, n'kusiya kulankhula.

ANambewe anali atakhala tsonga pansi, atafunda nsalu yakumtunda kumutu. Anatambasula dzanja n'kutola kachidutswa kamodzi. Anakatembenuza kawiri.

"Bwana, muwafunse awo kuti..." Anadukiza. "Ayi. Bambo a Monika."

Kampeni kanatsala pang'ono kugwera m'madzi.

"Wawa, amayi."

"Zimenezi mumazidziwa?"

"Ndimazidziwa, amayi."

"Chiyambire liti?"

"Chibwerere botili."

"Ndiye osandiuza bwanji?"

"Ndinatuma mayi a Monika."

"Munatuma!" Mawu awo anamveka mpaka ku khoma la damu n'kubwerera. "Nkhani ya mchere amatuma. Nkhani ya imfa amatumanso? Mukanaima patsogolo panga pamtunda paja n'kundiuza ndi pakamwa panu, ndikanakutukwanani sabata imodzi, koma ndikanamva!"

Elifala anaona kuti akunena zoona, ndipo zinamupweteka kuposa bala la kumutu.

"Mukutuluka magazi kuseri kwa khutu," anatero aNambewe, atayang'ana kumbali. "Tiyeni tizipita. Pang'onopang'ono."

Injini inalira pa kukoka kwachitatu. Ulendo wobwerera a Kamtsitsi manja anawapinda pachifuwa.

Atayandikira kumtunda, amayi anathamangira m'madzi nsalu atazikwinya. Patsogolo panali aNaphiri, nsapato atavula kale.

"Mwatsika bwanji pa mpando wachifumu, aNambewe? Chizungulire? Tsikani, tsikani, tikuonetseni kakhalidwe kake ife ozolowera!" Anagwira mphuno ya boti n'kuponya mwendo umodzi m'mwamba.

"Chotsani mwendowo," anatero aNambewe.

"Iii, mwagula ndinu botili?"

"Ndati chotsani. Ine sinditsika, ndipo palibe akwere." Anatembenuka, nkhope ili poyera, n'kuyang'ana kumbuyo kwa boti. "Bambo a Monika, sipanala muli nayo?"

Phokoso linatha ngati ladulidwa ndi mpeni. Aliyense pa gombe limenelo ankadziwa za mkamwini wa aNambewe. Debora, amene anali atafika ndi chipande m'manja, anagwira pakamwa.

"Ndili nayo, amayi."

"Zulani chinthu ichi ndikuona."

A Kamtsitsi anawerama n'kunong'ona. "Amayi, zimenezi tikambirana bwino kunyumba. Musaononge tsiku."

ANambewe anatambasula chikhatho kuti kachidutswa kachikasu kaonekere kwa iwo okha. "Bwana, nyimbo ija ndinaipeka masiku awiri. Ina ndingathe kuipeka pompano, ndili chikhalire. Amayiwa sachedwa kulandira."

A Kamtsitsi anayang'ana kachidutswako, anayang'ana khamu la anthu, ana ali pa mapewa, matenanti ali duu. Anatsika m'madzi ndi thalauza lawo labwino, n'kuitanitsa chimkuzamawu.

"Anthu anga! Ine ndaona ndi maso anga kuti mpando uwu si wabwino. Ndalamula kuti uchotsedwe lero lomwe! Moyo wa munthu mmodzi wa kuno umaposa mipando chikwi!"

Anthu anaomba m'manja, ena osadziwa chimene akuombera.

Mabawuti anali anayi. Atatu anamasuka msanga. Lachinayi linali ndi dzimbiri, ndipo sipanala ya Elifala inkaterereka. Anagwada pamenepo, mkono umodzi kuchokera pa mapazi a apongozi ake, magazi akudontha pa kolala, anthu mazana akumuyang'ana. Anathira mafuta a injini, anagogoda, anakanikiza ndi phazi. Litalira n'kutembenuka, ananyamula mpandowo ndi chitsulo chake n'kukauika pa udzu. Apo m'pamene aNambewe analola kutsika. Debora ndi aNaphiri anachita kuwanyamula m'khwapa.

Tsiku limenelo boti linapanga maulendo khumi ndi umodzi, anthu anayi anayi, onse atakhala pansi, ndipo kachitsulo ka moto sikanakhudzidwe ndi dzanja lina. A Kamtsitsi sanamuchotse ntchito Elifala, komanso sanamulankhule mpaka mvula yoyamba.

Lachitatu lotsatira kunali kabwalo ka pabanja kumudzi kwa Debora. A Obadiya, mchimwene wa aNambewe, amene ndi nkhoswe ya ukwatiwo, anati nkhaniyi yamveka midzi yonse ndipo singangosiyidwa. Mkamwini waitana apongozi ake pamaso, wawagwira m'chiuno, wawaona kumutu. Zifukwa zilipo, inde, koma mwambo ukathyoka pamafunika kanthu kotsukira. Iwo anaganiza kuti nkhuku imodzi ikwana.

Elifala anali atanjuta kumapeto kwa bwalo, bandeji ili kumutu, atavomera kale mumtima. Anali atasankhanso nkhuku yake, tambala wofiira.

ANambewe anali pa mphasa pakhonde. Anamvetsera mpaka achimwene awo atamaliza, kenako anaitana Monika.

"Pita kuseri ukagwire thadzi lija lamawangamawanga, lonenepalo." Anatembenukira kwa a Obadiya. "Nkhukuyo ilipo, achimwene, ndipo mwanena bwino kuti ikufunika. Koma wopereka ndine. Monika, ukagwira ukawapatse abambo ako m'manja."